Zomwe munakaphunzira kunyanja zikuwolera m'kabati

Mvula yagwa, zitsime zadzaza matope, ndipo ana otsegula m'mimba achuluka pa sikelo monga zimakhalira dzinja lililonse. Chomwe chandikwiyitsa poyendera zipatala zazing'ono chaka chino ndi zolembedwa m'mabuku a anawo. Mwana akutsegula madzi okhaokha, magazi mulibe, koma m'buku mwalembedwa Bactrim, pena Flagyl, mankhwala opha mabakiteriya. Thanzi wapatsidwa paketi imodzi. Zinki, mapilitsi oyenera kuperekedwa pamodzi ndi Thanzi, sanapatsidwe, chonsecho makatoni ake ali phwii m'chipinda chosungira mankhwala, kudikira tsiku lotha mphamvu.

Musathamangire kukalipira namwino kapena mlangizi wa zaumoyo amene walembayo. Mukamufunsa amati, "Ife tinaphunzira choncho." Sakunama. Mlandu uli pa inu amene munatumidwa ku maphunziro ku Mangochi kapena ku Salima, n'kubwerako ndi chikwama chatsopano, alawansi ndi mulu wa mapepala. Mapepalawo munawatsekera m'kabati, kiyi n'kuyenda nayo m'thumba. Anzanu anangomva za chambo chomwe munadya.

Nkhani ya zinkiyi si ya dzulo ayi. Mabungwe a WHO ndi UNICEF analengeza mu 2004 kuti mwana wotsegula m'mimba azilandira ORS, yemwe ndi Thanzi uja, pamodzi ndi zinki kwa masiku 10 mpaka 14. Kafukufuku wa m'mayiko monga Bangladesh ndi India anali atasonyeza kuti zinki amafupikitsa masiku otsegula, komanso amachepetsa kubwereranso kwa matendawa m'miyezi iwiri kapena itatu yotsatira. Zaka zoposa 20 zadutsa, koma uthengawo ukukanika kuyenda kuchoka mu ofesi kukafika pa tebulo lolemberapo mankhwala, mtunda woti munthu akhoza kungoitana ndi pakamwa.

Amene akulipira ndi mayi. Nthawi zambiri kutsegula m'mimba kwa ana aang'ono kumayamba chifukwa cha mavairasi, monga rotavirus, omwe Bactrim sawakhudza n'komwe. Mayi amabwerera kunyumba akukhulupirira mapilitsi, Thanzi n'kumuika pa windo. Mwana akafooka, maso atalowa m'kati, ndi ulendo wa kabaza usiku, ndalama ya feteleza wobereketsa n'kuthera pa thiransipoti, munda n'kumera tchire iye ali kuchipatala. Bactrim yemwe tamwazayo amasowa kwa odwala omufunadi, ndipo tizilombo tikumuzolowera. Ndiye mawa tidzadabwa kuti bwanji mankhwala sakugwira? Mankhwala opha mabakiteriya ali ndi malo ake, monga pa kamwazi ndi kolera yoopsa. Izi ndiye nonse mukuzidziwa.

Bambo wina wolima chimanga, amene anaperekeza mdzukulu wake ku sikelo, anandiseketsa. Akuti alangizi a zaulimi atabwera ndi kabzalidwe ka Sasakawa, mbewu imodzi pa phando, iye anawatenga ngati openga. Timapepala tomwe anagawa anakulungira fodya. Anadzatembenuka mtima ataona munda wa mlamu wake m'mbali mwa msewu, zisononkho ngati mkono. "Pepala silikopa munthu," anatero, "koma maso." 

Kafukufukunso saima. Mu 2020 zotsatira za ku Tanzania ndi India zinasonyeza kuti mlingo wochepa wa zinki umagwira ntchito chimodzimodzi, ndipo ana amasanza mocheperako. Sindikuti musinthe mlingo panokha. Tsatirani ndondomeko ya Unduna wa Zaumoyo. Koma ngati za 2004 sizinafike, za 2020 zidzafika liti?

Tsono chitani izi. Mukabwerako ku maphunziro, sabata yomweyo pemphani mphindi khumi pa lipoti la m'mawa. Nenani chinthu chimodzi chomwe chasintha ndi chifukwa chake, osati kuwerenga buku lonse. Tengani mabuku a ana asanu muwaone limodzi popanda kutchula amene analemba. Tchati cha zomwe zasinthazo chipachikeni pakhoma pomwe wolemba mankhwala amayang'ana, osati mu ofesi ya abwana. Namwino wa usiku ndi alangizi a zipatala za m'midzi atumizireni chithunzi pa WhatsApp, m'Chichewa. Pakatha mwezi tsegulani kaundula muwerenge ana otsegula m'mimba amene alandira zinki, ndipo kiyi ya kabati ija isiyeni kwa namwino wa pa ntchito.