Matilesi musagule ndi maso, kagonenipo kaye

Mwezi uno ndazungulira midzi ingapo kuno ku Salima, kuyambira cha ku Lifuwu mpaka mbali za Khombedza, pa ntchito yathu ija yoona ngati maneti a udzudzu akupachikidwa bwino. Ndiye mukudziwa ntchito imeneyi imatilowetsa mpaka kuchipinda, maso amaona zambiri ngakhale zomwe sunabwerere, ndipo ine chomwe chandikhudza ulendo uno ndi matilesi. Nyumba yabwinobwino ya malata, sola padenga, pabalaza mipando yowala, koma kulowa kuchipinda matilesi ali ngati bwato, pakati pokumbika m'mbali motukuka. Mwini wake n'kumandifunsa kuti alangizi, msanawu wandikwana, kodi kuchipatala kulibe jakisoni wake? Ine ndimangoloza pabedi.

Sindikunena kuti msana uliwonse wowawa ndi matilesi ayi. Munthu amene wakhala tsiku lonse ataweramira mpunga kudimba, kapena wakoka chilimira usiku wonse panyanja, kapena anzathu odula nzimbe ku Dwangwa, msana uwawa basi olo atagona pa matilesi a mfumu. Koma pali kachizindikiro kamodzi kosavuta. Ngati mumapita kogona muli bwino koma kudzuka m'mawa msana uli gwa, ndipo mukayendayenda kwa mphindi 20 kapena 30 ululu uja n'kumachepa, kaikirani pomwe mukugonapo. Chinanso, mukapita kumaliro kapena kwa achibale n'kugona pa mphasa, m'mawa n'kudzuka mopepuka kusiyana ndi kwanu, ndiye kuti matilesi anuwo ntchito yawo inatha kalekale, mukungowasungira ulemu.

Tsopano nkhani ya kagulidwe. Ambiri tikagulitsa mpunga kapena usipa ukayenda bwino timathamangira pa Kamuzu Road, kufika mushopu n'kuloza amene ali ndi kavala ya maluwa okongola, kufunsa kuti ndi mainchi angati, kudinikiza ndi chala kamodzi, basi kulipira. Apa ndi pomwe timaluzira ndalama abale anga. Kavala si matilesi. Kunenepa kwakenso si umboni, matilesi a mainchi 8 a siponji yopepuka amaphwa msanga kuposa a mainchi 6 a siponji yolemera. Chimene muyenera kufunsa ndi chija ogulitsa amati density, kutanthauza kulemera kwa siponji, makilo angati pa kiyubiki mita imodzi. Nambala ikakhala yaikulu ndiye kuti siponji yake ndi yothithikana, mpweya ndi wochepa m'kati, ndipo imapirira zaka zambiri isanakumbike.

Ndikupatseni masamu pang'ono, musathawe. Matilesi a dabulo aja a mafiti 4 ndi hafu kwa 6, okhuthala mainchi 6, siponji yake ikakhala ya density 16 amalemera makilo 6 basi, pomwe ikakhala ya 28 amadutsa makilo 10. Kukula kofanana, kavala yofanana, koma m'katimo muli zinthu zosiyana pafupifupi kawiri. Ndiye nyamulani. Anyamuleni awiri ofanana saizi mumve m'manja, ndipo ngati pafupi pali sikelo ya ogula chimanga ija musachite manyazi, kolekani. Aliyense masiku ano amangoti "high density" pakamwa, ngakhale siponji yopepuka ngati thonje, ndiye mawu okhawo asakukomeni, onani pa lebulo ngati nambala yalembedwa, onaninso ngati pali chizindikiro cha a Malawi Bureau of Standards. Chenjezo limodzi lokha: pali siponji zina zomwe popanga amathiramo ufa wonga laimu kuti zizilemera, zoterozo mukazifinya mwamphamvu zimachedwa kubwerera ndipo pakapita nthawi zimayamba kunyenyeka. Choncho mukanyamula, pondaninso ndi bondo pakona kwa kanthawi kenako chotsani. Yabwino imadzuka nthawi yomweyo osasiya chidindo.

Koma chachikulu pa zonse, chimene ndalembera zonsezi, ndi kugonapo. Eya, mushopu momwemo, anthu akuona. Nsapato timayesa, chitenje timatambasula, njinga timaipalasa kaye, koma chinthu choti tizigonapo maola 7 kapena 8 tsiku lililonse kwa zaka timangochigwira ndi chala ngati tikusankha tomato. Auzeni anyamata a mushopu atsitse pansi, vulani nsapato, mugone mmene mumagonera kwanu kwa mphindi 10 kaya 15, osati kungogwa n'kudzuka. Akakana, pitani shopu ina, mashopu ndi ambiri ndalama ndi yanu.

Mukagona chagada, lowetsani dzanja pansi pa msana cha m'chiuno paja pamakhala kokhota. Dzanja likalowa mosavuta n'kutsala mpata, matilesiwo ndi olimba kwambiri kwa inu, msana ukulendewera. Likakanika kulowa n'komwe ndipo mukumva matako akumira kupitirira mapewa, ndi ofewa kwambiri. Pabwino ndi pomwe dzanja likulowa mothina. Kenako gonani chammbali, amene mwapita naye aime kumbuyo aone mzere wa msana kuchokera pakhosi mpaka m'chiuno, ukhale wowongoka ngati ndodo, phewa ndi chiuno zilowe pang'ono, pang'ono pokha. Ndipo tembenukani kangapo, ngati kutembenuka kukufuna mphamvu ngati mukutuluka m'dzenje, asiyeni amenewo.

Apa ndiyankhe abambo aja amakonda kunena kuti wa msana azigona pa thabwa. Chikhulupiriro chimenechi n'chakale ndipo ngakhale madokotala ankanena zomwezo, koma mu 2003 ku Spain anachita kafukufuku pa anthu 313 amene msana unkawawawa kwa nthawi yaitali, ena anawapatsa matilesi olimba kwambiri ena olimba mwapakatikati, ndipo patatha masiku 90 amene anapeza bwino kwambiri anali apakatikati aja. Ndiye cholinga si kulimba ngati simenti, komanso si kufewa ngati phala. Thupi lanu ndilo likuuzeni. Munthu wathupi, tinene wa makilo 90 kupita m'mwamba, afunika siponji yolemera komanso yokhuthala, mainchi 4 aja asiyireni ana chifukwa mufika pa matabwa mwezi usanathe. Munthu wochepa thupi, makamaka agogo athu amene mafupa a m'chiuno ali pamtunda, olimba kwambiri amawapweteka, amafuna kapamwamba kofewerako.

Ngati muli pabanja pitani nonse awiri. Izi ndikunena motsindika chifukwa ndaona kambiri bambo akupita yekha kutauni, kubwera atamangirira matilesi pa kabaza ngati sapulaizi, mayi n'kuyamika pamaso koma usiku n'kumatsikira pa mkeka. Mukasiyana kwambiri kulemera, matilesi ofewa amapangitsa wopepuka kumangogubudukira kwa wolemera usiku wonse, ndipo ndi kutentha kwa kuno mu Okutobala zimenezo si chikondi ayi, ndi chilango.

Kutentha kumeneku kukhale m'maganizo posankha. Kuno kunyanja si ku Dedza. Aja amati memory foam, ofewa otsatira thupi, ndi okoma mukawayesa mushopu koma amasunga kutentha, mu Novembala mudzadzuka mutanyowa ngati mwagwa m'madzi. A masipuling'i amapitisa mpweya bwino, amazizirirako, koma otchipa ake sachedwa kuyamba kulira ndi kubaya, ndipo ndi chinyontho cha kuno waya amachita dzimbiri. Kwa ambiri a ife siponji yolemera bwino yokhala ndi kavala ya nsalu ndi yokwanira. Ndipo chonde, pulasitiki ija amakutira kufakitale chotsani! Ndapeza makomo ambiri matilesi akugonedwa ali m'pulasitiki chaka chachiwiri, eti kuti asade. Thukuta limasowa kolowera, mumagona mukuterereka, m'kati mumachita nkhungu. Ngati ndi nkhani ya mwana wokodza pogona, yalani kapulasitiki mbali yake yokha, pamwamba chitenje chokhuthala kenako shiti.

Za saizi ndidutse mwachangu: yezani bedi lanu ndi chingwe musananyamuke, m'kati mwake osati kunja, mutenge chingwecho m'thumba. Mabedi a akalipentala athu sakhala ofanana ndendende, ndipo matilesi othinitsidwa amatukuka pakati, ochepa amasiya mpata wogwera mwana. Onaninso ngati neti yanu ikwanira kupisira pansi mbali zonse, mukasintha kuchoka pa singo kupita pa dabulo neti nayo isinthe.

Akaunjika kapena ogula kwa munthu amene akusamuka, ine sindilimbikitsa, koma ndikudziwa thumba ndi lomwe limalamula. Ngati mwaganiza zotero tengani tochi ya pafoni, tsegulani m'mphepete mosokedwa muja ndi m'makona. Timadontho takuda ngati ta bolopeni, timazira toyera, kafungo kena kake, zimenezo ndi nsikidzi, ndipo mukazilowetsa m'nyumba mudzawononga ndalama zoposa zomwe mwapulumutsa. Nsikidzi zimatha miyezi osadya ndiye musanamizidwe kuti matilesiwa akhala nthawi osagonedwa. Komanso siponji imene yatenga kale thupi la munthu wina siidzabwereranso, mudzagona m'dzenje la eni ake.

Ponyamula, siponji mutha kuipinda kwa ulendo waufupi koma mukafika masulani malegeni msanga, osaisiya yomangidwa mpaka mawa. A masipuling'i osapinda n'komwe, mukapinda mwathyola. Atsopano amakhala ndi fungo la mankhwala, aimikeni pamthunzi podutsa mphepo tsiku limodzi kaya awiri musanayalepo.

Tsopano bedi lenilenilo, pomwe anthu ambiri saganizirako. Kwa bambo wina cha ku Chipoka ndinapeza matilesi atsopano ndithu, miyezi itatu yokha, koma atakumbika kale, iwo akutukwana shopu. Titatukula tinapeza matabwa anayi okha pansi, mipata yoti mwana n'kudutsa, ena anathyoka kalekale n'kusonkhezera moto. Siponji inkangolowa m'mipatamo. Matabwa a pansi atalikirane osapitirira zala zitatu kapena zinayi, ndipo bedi la dabulo likhale ndi mtanda pakati ndi mwendo wake. Ndalama ya matabwa asanu kwa kalipentala ndi yochepa poyerekeza ndi matilesi. Ngati mulibe bedi ndipo muyala pansi palibe vuto kumsana, koma yalani mphasa kaye, ndipo m'mawa uliwonse dzutsani matilesi muwatsamiritse kukhoma, chifukwa simenti ndi dothi la kuno zimatulutsa chinyontho makamaka nthawi ya dzinja.

Miyezi itatu iliyonse tembenuzani, kumutu kupite kumiyendo, ulendo wina pansi pabwere pamwamba. Kuti musaiwale lembani ndi makala kapena maka pakona. Kuyanika padzuwa ndi bwino koma kwa maola ochepa ali m'kavala yake, siponji yamaliseche dzuwa la Salima limaiwotcha n'kuyamba kuyoyoka. Ana asamadumphepo, ndipo chizolowezi chokhala pamalo amodzimodzi m'mphepete povala nsapato ndicho chimagwetsa mbali imodzi. Mukasamala, abwino amakufikitsani zaka 7 mpaka 10. Kandulo, koloboyi ndi koyilo ya udzudzu zikhale kutali, siponji imayaka ngati petulo ndipo utsi wake ndi poizoni, umagwetsa munthu moto usanamufike.

Pilo nayo ili ndi mbali yake. Ogona chammbali ikhale yokwanira kudzaza mpata wa pakati pa phewa ndi khutu, ndipo ikani ina yaing'ono pakati pa mawondo, amayi oyembekezera yesani zimenezi mudzandithokoza. Ogona chagada pilo yopyapyala kumutu, ina pansi pa mawondo. Kugona chafufumimba kumapotoza khosi usiku wonse, ngati simungathe kusiya chotsani pilo kumutu. Khanda ligone chagada pamalo olimba, athyathyathya, opanda pilo, matilesi okumbika aja ndi oopsa kwa mwana wamng'ono chifukwa amagubudukira m'dzenje nkhope n'kutsekeka.

Pali misana ina yomwe matilesi sangachize, ndipo apa musataye nthawi ndi shopu. Ululu ukamatsikira kumwendo limodzi ndi dzanzi kapena mwendo kufooka, mukamalephera kugwira mkodzo kapena chimbudzi, msana ukamawawa usiku osaleka kuphatikiza kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuonda, pitani ku chipatala cha boma ku Salima kapena ku Nkhotakota tsiku lomwelo, TB imagwiranso mafupa a msana. Ndipo ife okhala m'mbali mwa nyanja, kuwawa kwa m'chiuno kukabwera ndi magazi mumkodzo kayezetseni likodzo, mankhwala ake alipo ndipo kuchipatala cha boma salipiritsa.

Bambo a ku Chipoka aja anakhomera matabwa ena asanu n'kutembenuza matilesi. Ndinawapeza sabata yatha akukonza ukonde pakhonde, akuti msana wayamba kumva bwino, koma dandaulo latsopano ndi loti mayi akunyumba ayamba kudzuka mochedwa.