Momwe mungagulitsire galimoto yogonamo ya dizilo imene mwakhala mukuisamala

Munthu wogula galimoto yogonamo, imene ambiri amangoitchula kuti motorhome, amalipira zinthu ziwiri pa mtengo umodzi: galimoto ndi nyumba. Ife ogulitsa timadalira kwambiri mbali ya galimoto chifukwa ndi imene ili ndi malisiti a ku galaja, koma malonda ambiri amafera ku mbali ya nyumba. Yanga inali yomangidwa pa Fiat Ducato ya injini ya dizilo ya malita 2.3, ndinakhala nayo zaka 6, ndipo wogula woyamba anandithawa pa vuto limene ndikanalipeza ndekha m'mphindi 20 ndikanadziwa poyang'ana. Ndondomeko ili m'munsiyi ndi imene ndinatsata ulendo wachiwiri.

Yambani ndi mapepala musanagwire ndowa ndi sopo. Sonkhanitsani chikalata cha umwini, buku la sevisi, malisiti onse a ku galaja ndi timabuku ta zipangizo za m'kati, muziike m'fayilo imodzi motsatira zaka. Onetsetsani kuti nambala ya chasisi, ija ya zilembo ndi manambala 17, ikufanana pa pepala ndi pa galimoto. Ngati munagula pa ngongole ndipo simunamalize kubweza, pemphani kalata yosonyeza ndalama zotsala, chifukwa wogula wochenjera amafufuza zimenezi, ndipo akazitulukira yekha sakhulupiriranso chilichonse chimene mwamuuza.

Kenako bwerani ku injini. Vuto la galimoto zogonamo si kuyenda kwambiri ayi, ndi kukhala. Zambiri zimaima miyezi pabwalo, ndipo dizilo sakonda kuima. M'thanki yosadzaza mumachita thukuta, madziwo amakhala pansi pa mafuta, ndipo tizilombo timaswana mmenemo n'kupanga zonanda zakuda zimene zimatseka fyuluta. Choncho sinthani oyilo ndi mafyuluta onse ngakhale makilomita a sevisi asanakwane. Ngati yanu ili ndi DPF, sefa yogwira mwaye wa mu utsi imene inafala kuyambira pa malamulo a ku Ulaya ochepetsa utsi otchedwa Euro 5, iyendetseni mphindi 30 kapena 40 pa msewu waukulu osaima, chifukwa mwayewo umapsa pokhapokha sefayo itatentha kufika madigiri pafupifupi 600. Ya Euro 6 yomwa AdBlue, madzi oyeretsa utsi okhala m'thanki yakeyake, muithirire mpaka kudzaza. Mudzakumana ndi amakaniko okuuzani kuti angochotsa sefayo, kapena angofufuta ndi kompyuta nyali yochenjeza za vuto la sefayo kuti wogula asaione. Akaneni. M'mayiko ambiri kuchotsa DPF ndi mlandu, ndipo nyali yofufutidwa imayakanso, nthawi zina wogula ali pa chiwongolero.

Funso limene aliyense wodziwa Ducato adzafunsa ndi la lamba wa injini, timing belt. Injini ya 2.3 imayendera lamba, pomwe ya Mercedes-Benz Sprinter imayendera tcheni. Lamba amakalamba ndi zaka ngakhale galimoto isakuyenda, n'chifukwa chake amakaniko ambiri amalangiza kumusintha pakatha zaka 5, ndipo akaduka injini ili m'kati moyenda, mavavu amagundana ndi mapisitoni. Mukakhala opanda lisiti yosonyeza tsiku limene anasinthidwa, wogula adzatenga ngati sanasinthidwepo ndipo adzachotsa ndalama yake pa mtengo. Matayala nawo ndi chimodzimodzi. Mapazi ake amaoneka ngati atsopano, koma m'mbali muli ming'alu ya dzuwa. Pa tayala lililonse pali manambala anayi kumapeto kwa mzere umene umayamba ndi zilembo za DOT: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Muwawerenge nokha wina asanakuwerengereni.

Tsopano tifike pamene ine ndinagwa, pa chinyezi.

Ndinali nditatsuka, nditapukuta, nditachapa makatani, ndipo fayilo ya malisiti inali pa tebulo. Wogulayo atafika sanatsegule n'komwe boneti. Anatulutsa m'thumba kachipangizo kakang'ono koyezera chinyezi, ka timisomali tiwiri kunsonga, n'kuyamba kutsegula makabati a m'mwamba limodzi ndi limodzi, akukhudzitsa kachipangizoko m'makona. Konsekonse kankaonetsa 11, 12, 13. Atafika pa bedi la pamwamba pa mpando wa dalaivala, pafupi ndi zenera la padenga, kanaonetsa 29. Anadina khomalo ndi chala chachikulu ndipo linalowa ngati katoni yonyowa. Panalibe banga, panalibe fungo limene ine ndinkalimva, chifukwa mphuno ya mwini galimoto imazolowera. Bamboyo anathokoza mwaulemu n'kumapita, ndipo sanatchule n'komwe mtengo wotsika.

Kuti mumvetse chifukwa chake anathawa, muyenera kudziwa mmene khoma la galimoto yotere limamangidwira. Kunja kuli chitsulo chopyapyala cha aluminiyamu kapena faibagalasi, pakati pali zotetezera kutentha, m'kati muli pulayiwudi wopyapyala, ndipo pa zakale zambiri chimango chogwira zonsezi ndi cha matabwa. Paliponse pamene khoma kapena denga linabooledwa ndi khomo la madzi: zenera la padenga, mazenera a m'mbali, msoko wa denga ndi khoma, zogwirira lona la mthunzi, mlongoti wa wailesi yakanema, bowo la waya wa sola. Zomatira za m'malo amenewa zimauma ndi dzuwa ndipo zimang'aluka ndi kugwedezeka kwa pa msewu. Madzi akalowa satulukanso, chifukwa chitsulo chakunja sichipuma. Amatsata thabwa n'kukaima patali ndi pamene analowera, ndipo amavunditsa chimango mwakachetechete kwa zaka. Injini yowonongeka ili ndi mtengo wodziwika, koma khoma lovunda palibe amene amadziwa pamene kuvundako kwathera mpaka atalisasula, ndipo n'chimene ogula amachiopa kuposa utsi wakuda.

Gulani kapena bwerekani kachipangizo koyezera chinyezi. Ndi kotchipa poyerekeza ndi tayala limodzi. Tsegulani mazenera kwa tsiku lathunthu musanayeze, chifukwa thukuta la m'nyumba yotsekedwa limanamiza, ndipo chitsulo chobisika m'khoma chimathanso kukweza manambala. Yezani mozungulira zenera lililonse, m'makabati a m'mwamba, pansi pa mipando, m'makona a pansi pafupi ndi mawilo, ndi m'bafa, mukulemba nambala iliyonse pa chojambula cha galimotoyo. Amisiri ambiri amati pansi pa 15 palibe nkhawa, pakati pa 15 ndi 20 muyezenso pakapita masabata angapo, kupitirira 20 pakufunika kufufuza, ndipo kukayandikira 30 matabwa ayamba kale kuwonongeka. Mukatero kwerani makwerero mukaone denga, koma musapondepo musanayale thabwa lalikulu, chifukwa si denga lililonse limene limanyamula munthu.

Kulakwa kwanga kwachiwiri kunali kufuna zachangu. Ndinapeza mmisiri wina amene anati ntchitoyo ndi ya ola limodzi. Anakwera, n'kupaka silikoni wa m'bafa mozungulira zenera la padenga pamwamba pa zomatira zakale, analandira ndalama yake n'kumapita. Mvula itagwa kawiri nambala inali pomwepo. Silikoni sagwira bwino pa zomatira zakale, ndipo choipa kwambiri n'chakuti pamene iye wakhudza, zomatira zoyenera sizigwiranso mpaka mutapala zonse. Mmisiri wachiwiri anatha theka la tsiku akungochotsa zimene woyamba anapaka. Ntchito yeniyeni inali kuchotsa zenera lonse, kupala bwino, kusasula pulayiwudi wofewa uja, kudula thabwa lovunda n'kuika lina, kusiya malowo otsegula masabata atatu kuti aume ndi makina okoka chinyezi, kenako kukhazikanso zeneralo pa zomatira zosauma za mtundu wa butyl. Ndinalipira kuwirikiza kangapo ndalama ya mmisiri woyamba, komabe inali yochepa poyerekeza ndi imene wogula aliyense akanandidula.

Pemphani mmisiriyo akulembereni lipoti la manambala asanakonze ndi atakonza, ndipo jambulani zithunzi khoma lili lotsegula. Ambiri amachita manyazi kuonetsa zimenezi. Ine ndinaziika patsamba loyamba la fayilo, ndipo mayi amene anadzagula galimotoyo anandiuza kuti zithunzi za thabwa lovunda n'zimene zinamukhazika mtima pansi, popeza galimoto zina zimene anaona zinkanunkhira mankhwala opopera m'nyumba ndipo eni ake ankalumbira kuti sizinadonthepo. Musapopere zonunkhira. Kwa wogula wodziwa, fungo la maluwa m'galimoto yogonamo ndi chizindikiro chakuti pali nkhungu imene ikubisidwa.

Mukathana ndi chinyezi, yesani chipangizo chilichonse ngati kuti mukunyamuka ulendo mawa. Firiji zambiri za m'galimoto zimenezi, monga za Dometic ndi Thetford, zimayendera gasi, magetsi a m'nyumba kapena batire ya mavoti 12, zimafuna galimoto itaima pamalo osapendekeka, ndipo zimatenga maola ambiri kuti zizizire, choncho muyatse usiku woti mawa wogula akubwera, muikemo botolo la madzi. Moto wa chitofu ukhale wabuluu. Ukakhala wachikasu, kapena payipi ya gasi ikakhala yakale malinga ndi deti lodindidwa pamenepo, itanani katswiri wa gasi, ndipo muonetsetse kuti alamu yochenjeza za mpweya wa poizoni wa carbon monoxide ikulira mukaidina. Batire ya mbali yogonamo, osati yolizira injini, muichotse ku magetsi maola angapo kenako muyeze: yodzaza imaonetsa mavoti pafupifupi 12.7, ndipo ikatsikira ku 12.0 osagwiritsidwa ntchito, ndiye kuti yatha. Ogulitsa ena amasiya waya wa magetsi uli cholumikiza kuti batire yakufa isaoneke, koma ogula anazidziwa kale zimenezo. Za chimbudzi sindinena zambiri, mukudziwa chochita.

Pitani nayo pa sikelo ya malole. M'mayiko a European Union ndi ku Britain, laisensi wamba ya galimoto imalekeza pa makilogalamu 3,500, ndipo galimoto zogonamo zambiri zimamangidwa mongokwanira malirewo. Lona la mthunzi, sola, batire yachiwiri ndi chonyamulira njinga zimadya kulemera kumene kunatsalira anthu ndi katundu, ndipo thanki ya malita 100 a madzi ndi makilogalamu 100 enanso. Pepala la ku sikelo limayankha funso limene ogulitsa ambiri amangoyankha mongoganizira.

Pa mtengo, fufuzani galimoto 10 za chasisi chofanana, chaka chofanana ndi kayalidwe kofanana ka m'kati, ndipo muzikumbukira kuti mtengo wolembedwa pa malonda si umene munthu analandira. Imene yakhala miyezi itatu osagulidwa ikukuuzani mtengo umene simuyenera kuika. Zowonjezera zimene munaikamo zimathandiza kuti igulidwe msanga koma sizibweza ndalama zake. Wogulitsa galimoto wamalonda adzakupatsani ndalama tsiku lomwelo, koma yotsika kwambiri, chifukwa nayenso akufuna phindu lake. Nthawi yabwino yotsatsa ndi anthu asanayambe nyengo ya maulendo, osati itangotha. Jambulani zithunzi 20 kapena 30 masana, mutachotsa katundu wanu yense, mabedi ali oyala ndiponso ali opinda, pamodzi ndi mita ya makilomita ndi kalikonse kophwanyika. M'mawu otsatsa lembani chaka, injini, makilomita, utali, kulemera, malo ogona, ndi mipando imene ili ndi malamba, chifukwa malo ogona anthu 6 nthawi zina amakhala ndi malamba 4 okha.

Wogula akabwera, injini aipeze yozizira kuti aone yekha mmene imalirira m'mawa. Musanamupatse chiwongolero onani laisensi yake ndi inshulansi, ndipo musatsike kumusiya ndi makiyi. Akuba a pa intaneti amakonda galimoto zimenezi chifukwa ndalama zake ndi zambiri. Wina adzavomera mtengo osaiona galimotoyo n'kunena kuti atumiza kampani yonyamula imene inu muyambe mwailipira, wina adzati watumiza ndalama zopitirira ndipo mumubwezere zapamwamba, wina adzakuonetsani chithunzi cha pa foni chosonyeza kuti walipira. Makiyi achoke m'manja mwanu pokhapokha banki yanu itatsimikiza kuti ndalama zalowa ndipo sizingabwezedwe.

Zotsalazo ndi zachidule. Lembani mgwirizano makope awiri wokhala ndi mayina, nambala ya chasisi, makilomita, mtengo, tsiku ndi ola, ndipo mutchulemo za denga linakonzedwa lija. Dziwitsani ofesi yolembetsa galimoto tsiku lomwelo kuti umwini wasintha, kenako imitsani inshulansi. Fufutani adiresi ya kwanu mu GPS ndi foni yanu mu wailesi. Tsekani gasi, khuthulani matanki, perekani makiyi onse kuphatikizapo a timakabati takunja, ndipo patulani ola limodzi lomuonetsa mwini watsopanoyo pamene pali vavu yokhuthulira madzi a m'chotenthetsera, chifukwa mukapanda kutero adzakuimbirani foni usiku wake woyamba.