Mukakumana ndi munthu woyenda pa chikuku

Mukakumana mwadzidzidzi ndi munthu woyenda pa chikuku, kaya pamsika wa Nchalo kapena pasiteji ya Ngabu, mupatseni moni mwiniwakeyo, osati amene akumuperekeza. Ngakhale inu amene mumayendanso pa chikuku, musafulumire kuganiza kuti ulumali wake ndi wofanana ndi wanu, pakuti wina anadwala poliyo ali mwana, wina anavulala msana pangozi, ndipo alipo ena amene amatha kuimirira pang'ono. Musamufunse chimene chinamuchitikira pokhapokha atayamba yekha.

Matayala akatitimira mumchenga, funsani kuti, "Bambo, ndikukankheniko?" ndipo dikirani yankho musanagwire chikukucho. Chonde musamuponyere ndalama, chifukwa mwina wabwera kudzagulitsa mapira ake. Dzuwa la kuchigwa kuno likaswa mtengo, kachezereni pamthunzi, inu mutakhala pansi kuti muziyang'anana.