Momwe mungalembere mbiri ya malemu amene anali wamalonda wa kumudzi

Maliro akagwa pamudzi, ntchito zimagawidwa mwachangu. Wina amathamangira kwa amfumu, adzukulu amalowera kumanda, amayi amasonkha moto, anyamata amakasaka nkhuni. Yolemba mbiri ya malemu ndiyo imakumbukiridwa mochedwa, kawirikawiri m'mawa wa tsiku loika, ndipo imagwera mwana kapena mphwawo wa malemu amene anapitako patali ndi sukulu. Mapeto ake pabwalo pamamveka zomwe zija: anabadwa chaka chakuti, anakwatira, anadwala, atisiya. Bambo amene anakhala zaka 30 akugulitsa mchere, sopo ndi palafini, nakongoza theka la mudzi m'miyezi ya njala, mbiri yawo nkuthera m'mizere isanu.

Wogwira ntchito m'boma ali ndi fayilo, ndipo abwana ake amabwera nayo kudzawerenga. Wagolosale, wachigayo, telala wa pakhonde kapena wokonza njinga alibe fayilo. Mbiri yake ili m'mitu ya anthu ndi m'makope akale, choncho muyenera kuitolera nokha, pa nthawi imene aliyense ali wosweka mtima.

Yambani ndi mwini mbumba

Musanalembe chilichonse, khalani pansi ndi mwini mbumba, amayi amasiye ndi mwana wamkulu. Mugwirizane zinthu zitatu: wolemba ndani, wowerenga ndani, ndipo ndi ziti zimene sizitchulidwa pagulu. Kumadera a chikamwini, mawu a abale a kuchimuna ndi a kuchikazi onse amveke, chifukwa bambo amakhala atakhala zaka zambiri kwa mkazi koma mwini wake ali kwawo. Mbiri yolembedwa ndi mbali imodzi yokha ndi imene imadzutsa manong'onong'o pa siwa. Ngati malemu anali Msilamu, nthawi ndi yochepa kwambiri poti maliro sagonekedwa masiku. Lembani zachidule za tsikulo, zambiri muzisungire sadaka.

Mapepala oti mufufuze

Pemphani chikwama kapena sutikesi imene malemu ankasungamo zinthu zawo, ndipo muitsegule pali mboni za mbali zonse ziwiri. Mukufuna chiphaso cha unzika, khadi la ubatizo kapena la kumpingo, setifiketi ya ukwati, kabuku ka kuchipatala, layisensi ya bizinesi ya kukhonsolo, malisiti akale, ndi makope a ngongole. Jambulani chilichonse pa foni, kenako mubwezere m'malo mwake. Pepala lisachoke m'nyumbamo, chifukwa lomwelo lidzafunika pokatenga setifiketi ya imfa ku National Registration Bureau ndiponso pa nkhani za chuma chamasiye.

Chaka chobadwa

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Kalembera wa ziphaso za unzika anachitika mu 2017, ndipo akuluakulu ambiri a kumudzi, poti analibe setifiketi yobadwira, anangopereka chaka chongoyerekeza. Mukapeza kuti chiphaso chikunena china, khadi la ubatizo likunena china, onani kaye ngati malemu anabatizidwa ali khanda. Ngati ndi choncho, khadilo ndilo lili pafupi ndi choonadi.

Popanda pepala lodalirika, funsani mlongo wawo, kapena munthu amene anasewera nawo limodzi, ndipo musamufunse kuti "anabadwa liti?" Mufunseni za zochitika. Kodi pa njala ya 1949 anali atabadwa? Kamuzu akubwera mu 1958 anali msinkhu wanji? Pa ufulu wa 1964 anali atayamba kuweta mbuzi kapena anali kumbuyo kwa amayi awo? Kodi anagwirako mapaundi ndi masheleni ali mnyamata, kwacha isanabwere mu 1971? Anapitako ku Wenela, kukagwira ntchito ku migodi ya ku Joni? Ngati anapitako pa ndege, kumbukirani kuti boma linaimitsa maulendo a Wenela mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo amene anapita pambuyo pake ankanena kuti apita ku TEBA. Mayankho awiri kapena atatu otere amakupatsani chaka choyandikira. Mukatero lembani kuti "anabadwa cha m'ma 1950", osapeka tsiku ndi mwezi. Palibe chamanyazi pamenepo. Chamanyazi ndi kuwerenga chaka chimene chikusonyeza kuti malemu anali wamng'ono kwa mng'ono wawo amene wakhala pampando wakutsogolo.

Lembaninso dzina lonse, mfunda wawo, maina a makolo, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Dzina limene anthu ankawadziwa nalo pamsika muliikemo ngati silonyoza. Ambiri obwera kudzakhuza amadziwa lokhalo.

Za malonda awo: apa pasathamangidwe

Mawu akuti "anali munthu wolimbikira" amanenedwa pa maliro alionse, ndipo sauza munthu chilichonse. Funani zinthu zogwirika. Mpamba woyamba unachokera kuti? Ambiri a msinkhu umenewu anayamba ndi ndalama ya ku Joni, ya fodya wa ku okushoni, ya mtedza kapena thonje wogulitsa ku ADMARC, kapenanso ya nsomba zouma zonyamula pa njinga kuchokera kunyanja. Anayamba ndi tebulo pamsika, okala, kapena anafikira kumanga golosale? Katundu ankapikula kuti, ndipo ankamunyamula bwanji? Ngati ankapalasa njinga kupita ku Chipiku ya pa boma kawiri pa sabata, nenani mtunda wake monga anthu a kumeneko amauwerengera. Chigayo anagula chaka chanji, chinali cha dizilo kapena chamagetsi? Bizinesi inagwapo? Nthawi zambiri inagwapo, mwina pa njala ya 2002, mwina kwacha itagwa mphamvu, mwina akuba atathyola. Kugwa ndi kudzuka kumeneko ndiko kumasonyeza munthu, ndipo sikumuchotsera ulemu.

Anthu oti muwafunse si ana okha. Ana amadziwa bambo wa kunyumba. Funsani mnyamata amene ankagaya pachigayo, mnzawo wa pamsika amene ankasungirana naye ndalama, mlembi wa komiti ya msika, mayi amene ankasiya mandasi pa kauntala yawo kuti agulitsidwe. Aliyense mufunseni funso limodzi lokha: "Ndi chiyani chimene anachita chimene simudzachiiwala?" Anthu asanu akakuyankhani, musankhepo nkhani ziwiri.

Kope la ngongole liwerengeni modekha. Ndi kope lasukulu la mizere, lothimbirira m'makona, dzina kumanzere, katundu pakati, ndalama kumanja: shuga paketi imodzi, sopo awiri, mchere. Onani miyezi imene maina amachuluka, kawirikawiri Januwale ndi Febuluwale, ndi mmene amafufutidwira anthu akakolola. Onaninso maina amene anakhwatchidwa popanda ndalama kulembedwa pambali. Afunseni amayi amasiye, akuuzani kuti ena mwa amenewo malemu anangowakhululukira. Mumbiri mungalembe kuti: "M'miyezi ya njala a Uje sankabweza munthu chimanjamanja. Ankalemba m'kope, nkudikira kuti chimanga chilowe m'nkhokwe." Koma dzina la wangongole aliyense lisatuluke pakamwa panu pagulu. Za ngongole zili ndi malo ake: woimira banja kapena amfumu amalengeza kuti amene ali ndi ngongole kwa malemu, kapena amene malemu anawakongola, adzaonekere kubanja mwambo ukatha.

Chinthu china choti mupewe ndi kundandalika katundu. Mbiri ikayamba kunena kuti asiya ng'ombe zakuti, chigayo, nyumba ziwiri za malata ndi njinga yamoto, imasanduka mndandanda wa zogawana, ndipo ena amayamba kuwerengetsera ali pamanda pomwepo. Nenani zimene anamanga ndi zimene zinathandiza anthu, mwachitsanzo kuti chigayo chawo chinafupikitsa ulendo wa amayi a midzi itatu. Chiwerengero cha katundu chilembedwe papepala lina, pamaso pa mboni. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana a malemu, ndipo kulanda chuma chamasiye ndi mlandu. Pakakhala kusamvana, kopita ndi ku ofesi ya DC kapena ya Administrator General, mkulu wa boma woyang'anira chuma chamasiye.

Akazi ndi ana

Werengani ana ndi maina awo, osangolandira nambala kwa munthu mmodzi. Lembani onse amene anabadwa, kenako musiyanitse amoyo ndi amene anatsogola. Chimodzimodzi zidzukulu: nyumba iliyonse ipereke chiwerengero chake, inu muphatikize. Ngati bambo anali a mitala, akazi atchulidwe motsatira ukulu, ndipo ana a nyumba zonse awerengedwe pamodzi. Ngati pali mwana wobadwira kwina amene banja likumudziwa, nkhaniyo ithe usiku wa pa siwa pakati pa akuluakulu. Kumusiya kumabala mabala a zaka zambiri, ndipo kumutchula mwadzidzidzi amayi amasiye asanauzidwe ndi nkhanza. Musaiwale ana amasiye a abale amene malemu analera ndi kuwalipirira fizi. M'makomo ena a anthu amalonda, amenewa amakhala ochuluka.

Matenda

Zachidule. Anayamba kudwala liti, anagonekedwa kuchipatala chiti, anamwalira tsiku liti. Dzina la nthenda litchulidwe pokhapokha banja litavomera. Mawu alionse oloza munthu chala, kaya wachibale, kaya mnzawo wa pamsika, asalowemo.

Kulemba ndi kuwerenga

Tsatani ndondomeko imene anthu anazolowera kumva: dzina ndi kwawo, kubadwa, sukulu, banja, ntchito ndi malonda, za kumpingo kapena kumzikiti ndi maudindo a pamudzi, matenda, imfa, ndi amene awasiya. Gawo la malonda litenge malo aakulu kuposa ena onse. Za sukulu, ngati analekezera sitandade 4, nenani choncho mosapsatira. Kuwonjezera makalasi n'kosathandiza, anzawo a m'kalasi ali pomwepo.

Mbiri yonse isapitirire mphindi zisanu, zomwe ndi pafupifupi masamba awiri a kope olembedwa pamanja. Kumbukirani kuti pali amfumu, a mpingo, mwinanso a khansala, onse akudikira kulankhula, ndipo adzukulu akuyang'ana dzuwa. Lembani ndi zilembo zikuluzikulu, mukulumpha mzere umodzi, ziganizo zifupizifupi. Zaka ndi manambala zilembedwe momveka, poti 1 ndi 7 wolembedwa mothamanga amasokoneza. Lembani m'chilankhulo chimene anthu a pamalopo amamva. Chingerezi chisungireni achibale akunja pa WhatsApp.

Mukamaliza, awerengereni mwini mbumba ndi amayi amasiye mokweza, pambali, mwambo usanayambe. Zolakwika zambiri zimagwidwa pamenepa. Konzani makope awiri, lina likhale ndi munthu wina amene angapitirize wowerenga akagwidwa ndi chisoni. Nchifukwa chake mwana wobereka si woyenera kwenikweni kuwerenga. Mphwawo, mlamu kapena mkulu wa mpingo wa mawu omveka amachita bwino. Ngati pali zokuzira mawu, yesani maikolofoni ndi batire nthawi ikadalipo.

Chithunzi cha pa pulogalamu musachitenge pa chiphaso ngati pali china. Funani chimene ali pakhomo pa golosale kapena atagwira njinga yawo. Chijambuleni panja pamthunzi, foni itayang'ana molunjika, ndipo potumiza kwa wosindikiza pa WhatsApp muchitumize ngati dokumenti kuti chisafooke.

Maliro akatha

Mbiri yowerengedwa pamanda ndi yachidule. Yaitali ilembedwe m'miyezi itatu yoyambirira, anthu akadali ndi chikumbumtima. Tsiku lometa, kapena achibale asanabalalike, khalani ndi akuluakulu mmodzimmodzi, muwajambule mawu pa foni kwa theka la ola aliyense, mutawapempha kaye. Muyambe ndi okalamba kwambiri. Mafayilowo muwatumize kwa anthu atatu a m'banja ndi ku imelo, chifukwa foni imabedwa, memori khadi imafa. Makope a ngongole, layisensi, sikelo ndi miyala yake musazitaye kapena kuzisiyira ana kuti azisewera nazo. Mapepala aikidwe m'jumbo, alowe m'sutikesi yachitsulo yokhala pamwamba, kutali ndi chiswe ndi chinyontho. Simu khadi ya malemu isungidwe ndi amayi amasiye: mungakhale ndalama za Airtel Money kapena Mpamba, ndipo manambala a amene ankachita nawo malonda ali momwemo.

Pomanga chiliza, chaka chimene munagwirizana pa mbiri ndicho chipitenso pamwala. Lembani mawu onse papepala ndi zilembo zazikulu, anthu awiri a m'banja awerenge ndi kuvomereza, kenako mupereke kwa mmisiri. Pokhala kuti simenti ikauma kapena mwala ukasemedwa kukonza kwake n'kuphwanya, wina wa m'banja akhalepo pamene mmisiri akulemba, pepala lili m'manja, akufananitsa chilembo ndi chilembo. Ngati tsiku lobadwa silikudziwika, palembedwe chaka chokha.