Mukayamba kuphunzitsa mwana kunyumba, yambani ndi kope limodzi

Makolo anzanga amene mwangoyamba kuphunzitsa ana kunyumba kuno ku England, musathamangire kugula mabuku ambirimbiri. Gulani kaye kope limodzi lachikuto cholimba.

Madzulo aliwonse mwana akagona, lembani deti ndi mizere itatu kapena inayi ya zomwe wachita tsikulo. Osati ntchito yapapepala yokha ayi. Ngati munakazinga naye mandasi, iye n'kuyeza ufa magalamu 500 pasikelo kenako n'kuugawa pawiri, lembani, amenewo ndi masamu. Mujambulenso pafoni.

Kopeli limathandiza kwambiri amene mwasankha unschooling, njira yomwe mphunzitsi wa ku America John Holt anaitchukitsa m'zaka za m'ma 1970, yoti mwana aziphunzira motsatira chidwi chake popanda silabasi. Kuvuta kwake n'koti sabata imatha mtima uli m'mwamba, mukuganiza kuti palibe chomwe watolapo. Mukatsegula kope mumadzionera nokha zomwe waphunzira, komanso pomwe pakuperewera. Ine ndinadzidzimuka nditaona kuti wanga watha masabata atatu osalembapo chiganizo ngakhale chimodzi, ndipo m'mawa mwake tinakhala pansi kulembera agogo ake kalata.

Lamulo la maphunziro la 1996 limafuna kuti mwana wazaka 5 mpaka 16 alandire maphunziro oyenera msinkhu wake, koma silikukakamizani kutsatira silabasi ya boma. Khonsolo ikhoza kukulemberani kufunsa momwe mukumuphunzitsira. Tsiku limenelo simudzavutika n'kukumbukira, mudzangotenga za m'kopemo.

Patsamba lomaliza muzilembapo ndalama zomwe mukusunga, chifukwa mayeso a GCSE, omwe ana amalemba kusekondale ali ndi zaka pafupifupi 16, mudzalipira nokha.