Mwasankhidwa ukulu wa mpingo? Yambani mwapeza beseni

Chaka chilichonse akulu ampingo atsopano akadzozedwa, mmodzi amanditsatira pa geti n'kundinong'oneza kuti, “Abambo, nditani kuti anthu azindimvera?” Ine ndimamufunsa ngati kunyumba kwake kuli beseni ndi jagi.

Pa Yohane 13 Ambuye anavula malaya akunja, anadzimanga chopukutira m'chiuno, n'kuyamba kusambitsa mapazi a ophunzira. Inali ntchito ya kapolo, n'chifukwa chake Petro anakana. Kuno ku Harare beseni limeneli mulipeza pamaliro. Maliro oyamba akagwa m'dera lanu, musathamangire mpando wapasofa pafupi ndi abusa. Nyamulani jagi musambitse anthu m'manja nsima ikabwera. Muchezere pasiwa mpaka kuche, ndipo kumanda a ku Mbudzi mugwireko fosholo ngakhale mwavala suti. Tsiku limene ndinayamba kutero ku Mufakose, gogo wina anandigwira mkono, amvekere, “Iii, abambo, mukutichititsa manyazi.” Ndinawathirabe madzi. Patatha mwezi ndi iwowo amene anandiitana kuti andiuze za mdzukulu wawo amene anayamba mankhwala ozunguza bongo.

Muzikumbukira amene mukuwatsogolera. Makolo athu anachoka ku Nyasaland, ambiri wapansi, kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'makhitchini a azungu. Mu 1912 abusa a Vlok anabwera ku Salisbury, Harare wa lero, kudzawatumikira, ndipo mu 1965 tinakhala Sinodi ya CCAP patokha. Amene anasonkha makobiri omangira matchalitchiwa anali makhukhi ndi osamala maluwa. Ana awo bwana amamudziwa bwino, sakufunanso wina Lamulungu.

Chovuta kwambiri ndi kutseka pakamwa. Yakobo 1:19 amati tizifulumira kumva koma tizichedwa kulankhula, ndipo ine vesi limeneli ndinaliphunzira ndi manyazi. Mayi wina anajomba Mgonero katatu. Ndinapita kwawo buku lili m'khwapa, mawu odzudzula nditawakonzeratu m'kombi. Mwamwayi anayamba ndi kundiikira tiyi. Ndikumwa ndinamva kuti bambo akunyumba ali ku Joni ndipo anasiya kutumiza ndalama, mayiwo amadzuka mbandakucha kukapikula tomato ku Mbare Musika, ndipo Lamulungu ndi tsiku limene malonda amayendako. Buku lija sindinalitsegule. Choncho mukalowa m'nyumba ya Mkhristu, foni m'thumba, landirani chimene akupatsani, funsani za ana, kenako dikirani. Chimene chinakubweretsani chimatuluka chokha.

Adzukulu akakuyankhani m'Chishona musakwinye nkhope. Pempherani nawo m'Chishona momwemo. Pa Machitidwe 6 dandaulo loyamba la mpingo linali lakuti amasiye olankhula Chigiriki akuiwalika pogawa chakudya, ndipo amuna asanu ndi awiri amene anasankhidwa onse anali ndi mayina a Chigiriki. Atumwi sanawauze odandaulawo kuti ayambe aphunzira chilankhulo cha makolo.

Zimene mwamva m'nyumba za anthu zithere mwa inu. Akale anati mfumu ndi kudzala. Akazi anu asamve, gulu la WhatsApp lisamve, ndipo musazisandutse “chopempherera” pagulu, pakuti miseche yambiri yamumpingo imavala malaya amenewo.

Pa ndalama ndilibe mawu okoma. Musawerenge chopereka muli nokha, olo mutakhala kuti mumadzikhulupirira. Wina akatumiza chakhumi pafoni, pa EcoCash yanu, lembani pompo, mukapereke kwa msungichuma dzuwa lisanalowe. Ife tinaona 2008, ndalama ikutha mphamvu pakati pa m'mawa ndi madzulo, ndipo ndikudziwa mmene njala imanong'onezera kuti “ungobwereka, ubweza mawa.” Nehemiya anakhala bwanamkubwa zaka 12 osatenga chakudya chimene udindo wake unkamulola, poona kuti anthu alemedwa kale. Werenganinso 1 Petro 5:2-3, pamene phindu lonyansa ndi kuchita ufumu pa nkhosa zaletsedwa pamodzi.

Mkwiyo udzabwera ndithu, makamaka pamsonkhano wa akulu ampingo, wina akakutsutsani pamaso pa anzanu. Mankhwala amene ndinapeza ndi kope la ana asukulu. Lembani mabanja onse a m'dera lanu, dzina ndi dzina, ana omwe. M'mawa uliwonse mutchule mabanja asanu pamaso pa Mulungu musanatsegule wailesi. Munthu amene mwamupempherera 5 koloko n'kovuta kumukalipira 10 koloko. Amene amakusowetsani mtendere mumulembe patsamba loyamba. Kwa ine panali bambo wina amene ankatsutsa chilichonse chimene ndanena, ngakhale mtundu wa penti. Anakhala patsamba loyambalo zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo atagonekedwa m'chipatala anauza ana ake kuti aitane ineyo.