Mankhwala a matenda okhumudwa akakana kugwira, yambirani apa

Musafulumire kunena kuti matenda akana mankhwala. Madokotala amatero pokhapokha wodwala atayesa mitundu iwiri, uliwonse pa mlingo wokwanira kwa masabata 6 mpaka 8, koma osapeza bwino. Ambiri odandaula kuti palibe chikusintha amakhala asanafike pamenepo.

Yambani ndi mlingo. Amitriptyline wa 25 mg usiku amathandiza tulo, koma kuti achize matendawa, munthu wamkulu amafunika 75 mpaka 150 mg, pokweza pang'onopang'ono. Fluoxetine amayambira 20 mg m'mawa, ndipo dokotala atha kukweza kufika 40 mg. Wodwala akadumphitsa masabata chifukwa mankhwala anatha kapena thiransipoti inavuta, masabata aja muwerenge poyambira.

Kenako fufuzani chomwe chikutchinga. Mowa ndi chamba zimabwezera matenda m'mbuyo. Rifampicin wa TB amachepetsa mphamvu ya amitriptyline m'magazi, pomwe efavirenz, mmodzi mwa ma ARV, amatha kuyambitsa yekha kukhumudwa. Yezetsani chithokomiro ndi kuchuluka kwa magazi. Funsaninso achibale: kodi munthuyu anakhalapo masiku angapo osagona koma osatopa, akulankhula kosalekeza ndi kumwaza ndalama? Ngati eya, mwina ndi bipolar, matenda osinthasintha pakati pa kukhumudwa ndi kusangalala kopyola muyeso, ndipo amitriptyline kapena fluoxetine paokha angamuwonjezere vuto. Funso limeneli limaiwalika kawirikawiri.

Posintha mankhwala samalani. Fluoxetine amakhalitsa m'thupi pafupifupi masabata 5 ndipo amakweza amitriptyline m'magazi, zomwe zingasokoneze mtima. Musaphatikize nokha kunyumba.

Zonsezi zikalephera, pemphani kalata yokaonana ndi akatswiri ku Zomba Mental Hospital, ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi Lilongwe. Katswiri atha kuwonjezera lithium, yemwe amafuna kuyeza magazi pafupipafupi, kapena quetiapine. Kwa amene wasiya kudya ndi kumwa, ECT, chithandizo cha magetsi chochitika munthu atagonetsedwa, imathandiza msanga kuposa mapiritsi. Uphungu usalekeke: ngati gwero ndi ngongole kapena nkhanza za m'banja, mapiritsi okha sangakwanitse.

Wodwala akatchula zodzipha, mumukhulupirire ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Wachibale asunge mapiritsi n'kumamupatsa a tsiku limodzi, chifukwa amitriptyline wambiri amapha. Tameki ndi mankhwala a m'munda zichoke m'nyumbamo.